Kulondola njira ya maviza a Sugihara, kuchokera ku Lithuania mpaka ku Japan

Lolemba, Vilnius

Wofuna kumvetsa ntchito ya a Chiune Sugihara, kazembe wa dziko la Japan amene analemba maviza oposa 2,000 m'chaka cha 1940, ayambire kuno ku Vilnius, ngakhale kuti ofesi yawo inali ku Kaunas. Anthu ofuna mavizawo ambiri anali kuno. Pa 1 Sepitembala 1939 asilikali a Germany analowa m'dziko la Poland kuchokera kumadzulo, ndipo pa 17 mwezi womwewo a Soviet Union analowera kum'mawa. Mzinda wa Vilnius unali m'manja mwa Poland nthawi imeneyo. Mu Okutobala a Soviet anaupereka kwa Lithuania, dziko limene linali lisanalowe nawo nkhondo, choncho Ayuda a ku Poland zikwi zambiri anathamangira kuno malire asanatsekedwe. Mpumulo wawo unatha pa 15 Juni 1940, tsiku limene asilikali a Soviet anadzaza Lithuania yense.

Vuto lawo loyamba linali la mapepala. Pasipoti ya Poland inali ya dziko limene Berlin ndi Moscow ankati kulibenso, ndipo ofesi ya kazembe wa Poland ku Kaunas inali itatsekedwa. Ena anathawa opanda pasipoti n'komwe, nadalira zikalata zongoyembekezera zimene ofesi ya kazembe wa Britain inkapereka m'malo mwa boma la Poland.

Chokumbukira a Sugihara mumzinda uno ndi munda wa mitengo ya sakura, yamaluwa ya ku Japan, m'mphepete mwa mtsinje wa Neris, pafupi ndi mlatho wa Baltasis tiltas, umene unabzalidwa mu 2001. Maluwa ake amatuluka chakumapeto kwa Epulo kwa masiku ochepa chabe. Mukabwera mwezi wina mudzapeza mitengo wamba ndi chipilala, ndipo mphindi makumi awiri zikwanirani.

Lachiwiri, Kaunas

Kuchoka ku Vilnius kufika kuno ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 100, ola limodzi ndi mphindi zingapo pa sitima. Pakati pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu Kaunas ndiye anali likulu logwirizira la Lithuania, n'chifukwa chake akazembe onse anali kuno. Nyumba zambiri za nthawi imeneyo zilipobe, ndipo mu 2023 bungwe la UNESCO linaziika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse.

Nyumba imene munali ofesi ya Japan ili pa Vaižganto 30, kumtunda m'dera la Žaliakalnis. Kuchokera pakati pa mzinda ndi chitunda ndithu, valani nsapato zoyendera. Si nyumba yachifumu ayi. Ndi nyumba yokhalamo anthu, ya mpanda waufupi, mumsewu wachete. Banja linkagona momwemo, ofesi inali m'zipinda zapansi. Lero ndi myuziyamu yaing'ono yokhala ndi tebulo, mbendera, zidindo ndi zithunzi za maviza.

Funso loyenera kufunsa utaima pachipata n'lakuti dziko la Japan linkafunanji kuno, poti nzika zake kunalibe ndipo malonda anali ochepa. Yankho lili m'mbiri ya mwiniwakeyo. A Sugihara anabadwa pa 1 Januwale 1900 m'chigawo cha Gifu. Analowa yunivesite ya Waseda mu 1918, koma chaka chotsatira anakhoza mayeso a unduna wa zakunja, umene unawatumiza ku Harbin, mzinda wa kumpoto chakum'mawa kwa China, kukaphunzira Chirasha. Anachidziwa mpaka kufika pochiphunzitsa. Atagwira ntchito mu ofesi ya zakunja ya Manchukuo, boma limene Japan anakhazikitsa kumpoto chakum'mawa kwa China, anali nawo pa zokambirana zogula njanji ya kumpoto kwa Manchuria. A Soviet anayamba ndi mtengo wa mayeni 625 miliyoni, koma mu 1935 anaigulitsa pa 140 miliyoni. Moscow sanaiwale zimenezi: a Sugihara atasankhidwa kukagwira ntchito ku ofesi ya kazembe kumeneko, anawakaniza kulowa. M'malo mwake anawatumiza ku Helsinki mu 1937.

Ku Kaunas anafika chakumapeto kwa Ogasiti 1939, patangopita masiku ochepa Germany ndi Soviet Union atasainirana pangano losamenyana la pa 23 Ogasiti. Panganoli linadzidzimutsa Tokyo, chifukwa nthawi yomweyo asilikali a Japan anali kumenyana ndi a Soviet kumalire a Mongolia. Ankafuna munthu wodziwa Chirasha ndi Chijeremani woti aziona kayendedwe ka asilikali mbali zonse ziwiri ndi kutumiza malipoti. Udindo wawo unali wa vice-consul. Kazembe wamkulu amalankhulana ndi boma, pamene consul amaona za mapasipoti, maviza ndi malonda. Udindo waung'onowu unali chophimbira ntchito yaukazitape, imene ankaigwira mothandizana ndi akuluakulu ena a asilikali a Poland amene ankabisala. Koma mphamvu yosainira viza inali yeniyeni, ndipo ndiyo inadzagwira ntchito.

Lachitatu, Kaunas

Lero tayenda m'ndondomeko imene wothawa nkhondo ankayenda, chifukwa viza ya a Sugihara payokha sinkatulutsa munthu. Mapepalawo anali ngati tcheni cha njinga, kachitsulo kamodzi kakaduka ulendo wathera pomwepo.

Viza yongodutsa imapatsidwa kwa munthu amene wasonyeza kumene akupita. Malamulo a Japan ankafuna zinthu ziwiri: chilolezo cholowera dziko limene ulendo ukathere, ndi ndalama zokwanira ulendo ndi masiku okhala ku Japan. Mu 1940 mayiko anali atatseka makomo. America inali ndi chiwerengero chokhwima cha olowa, Britain anachepetsa olowa ku Palestine, ndipo njira za kumadzulo ndi kum'mwera zinali m'nkhondo. Chotero sitepe yoyamba sinali ku Vaižganto koma kumunsi, pa msewu waukulu wa Laisvės alėja, pamene panali ofesi ya kampani ya Philips. Mkulu wake, a Jan Zwartendijk, ankagwiriziranso udindo wa consul wa Netherlands. Mogwirizana ndi kazembe wawo wa ku Riga, likulu la Latvia, a De Decker, iwo ankalemba m'pasipoti m'Chifalansa kuti munthu safunika viza polowa ku Curaçao ndi Suriname, madera a Netherlands kutsidya la Atlantic. Zinali zoona, koma theka lokha. Chimene ankachisiya dala n'chakuti wolowa kumeneko ankafunika chilolezo cha bwanamkubwa, chimene sichinkaperekedwa wamba. Kuyambira chakumapeto kwa Julayi mpaka pa 3 Ogasiti analemba oposa 2,000, poyamba pamanja, kenako ndi chidindo. Kutsogolo kwa nyumbayo kuli chikumbutso cha magetsi chokolekedwa mumtengo, chimene chinatsegulidwa mu 2018. Chimaoneka bwino kukada, masana mukhoza kuchidutsa osachiona.

Ndi mawu a Curaçao m'pasipoti, munthu ankakwera chitunda kupita kwa a Sugihara. Khamu linayamba kusonkhana pachipata mu Julayi 1940, ndipo iwo anapempha kuti anthu asanu alowe kudzalankhulira onse. Wotsogolera anali a Zorach Warhaftig, amene pambuyo pake anadzakhala nduna m'boma la Israel. A Sugihara anatumiza matelegalamu ku Tokyo, ndipo yankho linkabwereza malamulo awiri aja. Iwo anayamba kulemba. Viza iliyonse inkafuna mizere ingapo ya Chijapani yolembedwa pamanja, tsiku, siginecha ndi chidindo cha ofesi, ndipo inkalola munthu kukhala ku Japan masiku khumi. Ntchito itachuluka anapangitsa chidindo cha mawu obwerezabwereza, ndipo ena mwa othawawo anathandiza kudinda. Ana ankalembedwa m'pasipoti ya kholo, motero viza imodzi nthawi zina inkanyamula banja.

Pakati pa Ogasiti unduna unadandaula pa telegalamu kuti anthu ochokera ku Kaunas akufika opanda ndalama komanso opanda chilolezo cha kumene akupita. Apa m'pamene pakuonekera luso la munthu wodziwa kayendedwe ka ofesi. Sanayankhe kuti akukana lamulo. Anati mavizawo akuwapereka pa mfundo yakuti eni ake akhale atapeza chilolezo ndi malo m'sitima asanakwere ku Vladivostok, doko la kum'mawa kwa Soviet Union loolokera ku Japan, ndiponso kuti palibe njira ina yotulukira kupatula Japan. Yankho lotere limagula nthawi, ndipo nthawi ndiyo inkafunika. Ife tikuona kuti amene amawajambula a Sugihara ngati munthu wongotengeka ndi chifundo amawachepetsa. Chifundo chinalipo, koma chinayenda ndi nzeru za zaka makumi awiri za m'ntchito.

Pepala lachitatu ndilo linkaopsa kwambiri: chilolezo chotulukira m'dziko la Soviet, chimene chinkaperekedwa ndi apolisi achinsinsi a NKVD. Kukapempha kunali kudziulula kuti sukufuna kukhala nzika ya Soviet, ndipo palibe ankadziwa ngati mapeto ake akhala sitima ya ku Vladivostok kapena ndende ya ku Siberia. Chachinayi chinali tikiti. Bungwe la boma la Intourist linkagulitsa ulendo wonse pamodzi ndi hotelo ya ku Moscow, ndipo linkafuna madola a America okha, pafupifupi 200 pa munthu, pamene kusunga madola kunali mlandu. Ambiri analipiriridwa ndi achibale akunja kapena bungwe la American Jewish Joint Distribution Committee. Apa ndi pamene tcheni chinadukira anthu ochuluka. Anali ndi viza ya Japan m'thumba koma ndalama panalibe, kapena anaopa kupita kwa a NKVD. Komanso a Lithuania eni ake, dziko lawo litamezedwa pa 3 Ogasiti, anasanduka nzika za Soviet ndipo kutuluka kunali kovuta kuposa kwa a ku Poland.

Lachinayi, Kaunas

Dziko la Lithuania litalowetsedwa mu Soviet Union, maofesi onse a akazembe analamulidwa kutseka. A Sugihara anapempha masiku owonjezera, natseka chakumapeto kwa Ogasiti, n'kusamukira ku hotelo ya Metropolis pafupi ndi Laisvės alėja. Hoteloyo ilipobe ndipo pakhoma pali chikwangwani chachitsulo chowakumbukira. China chili pa siteshoni ya sitima, pamene ananyamukira kumayambiriro kwa Sepitembala kupita ku Berlin. Nkhani yakuti ankalembabe ali m'sitima n'kumaponya mapepala pawindo imachokera m'zokumbukira za mkazi wawo, mayi Yukiko, ndi za ena opulumuka. Mndandanda wa boma umathera m'masiku omaliza a Ogasiti, choncho zolembedwa kuhotelo ndi kusiteshoni sizikupezekamo.

Masana tinapita ku Ninth Fort, linga lakale kunja kwa mzinda. Osalumpha malo amenewa, chifukwa popanda iwo nyumba ya ku Vaižganto imangokhala nkhani yokoma. Germany anaukira Soviet Union pa 22 Juni 1941, ndipo m'masiku ochepa anali atalanda Kaunas. Pa 29 Okutobala chaka chomwecho Ayuda oposa 9,000 a mumzinda uno anaphedwera pano tsiku limodzi, pafupifupi theka la iwo ana. Chipilala cha konkire chotalika mamita 32 chinamangidwa mu 1984. M'zipinda za lingali mumazizira ngakhale m'chilimwe, tengani chovala chofunda, ndipo patulani maola awiri kapena atatu.

Loweruka, panjira

Ife tadumpha Russia pa ndege, koma othawawo anaudutsa pansi. Kuchoka ku Kaunas kapena Vilnius ankagona ku Moscow, kenako kukwera njanji ya Trans-Siberian, makilomita pafupifupi 9,300 mpaka ku Vladivostok, ulendo woposa sabata imodzi, ambiri m'nyengo yachisanu ya pakati pa 1940 ndi 1941.

Nthawi imeneyo a Sugihara anali kupitiriza ntchito yawo. Unduna sunawalange pomwepo, chinthu chimene ambiri sachidziwa. Anawatumiza ku Prague, kenako mu 1941 ku Königsberg, umene lero ndi Kaliningrad, kumene anaona asilikali a Germany akusonkhana kumalire ndipo anadziwitsa akuluakulu awo kuti nkhondo ndi Soviet yayandikira. A Germany anakayikira zochita zawo, ndipo chakumapeto kwa chakacho anasamutsidwira ku Bucharest. Asilikali a Soviet atalowa mu Romania mu 1944, iwo ndi banja lawo anadzatsekeredwa m'misasa kwa miyezi pafupifupi 18. Anabwerera kwawo mu 1947 kudzera njanji yomweyo ya ku Siberia.

Lolemba, Tsuruga

Tsuruga ndi doko la m'chigawo cha Fukui, kugombe loyang'ana ku Russia. Kuyambira mu Malichi 2024 sitima yothamanga ya Hokuriku Shinkansen imafika kuno kuchokera ku Tokyo, ndipo kuchokera ku Kyoto kapena Osaka pali sitima yachindunji. Myuziyamu ya Port of Humanity ili m'dera la Kanegasaki kudoko, m'nyumba zomangidwa motsanzira maofesi akale a kasitomu ndi siteshoni, ndipo inatsegulidwanso mwatsopano mu 2020. Kuchokera pa siteshoni ndi mtunda woti ndi bwino kukwera basi. Theka la zoonetsa ndi za ana amasiye a ku Poland oposa 700 amene anatsikira padoko lino pakati pa 1920 ndi 1922 kuchokera ku Siberia, theka linalo ndi za maviza.

Pakati pa Vladivostok ndi kuno panali zipata zina ziwiri. Tokyo ataona kuti mawu a Curaçao ndi ongolembera, analamula ofesi yake ya ku Vladivostok kuti iunikenso maviza a ku Kaunas ndi kuletsa osakwaniritsa malamulo. Amene ankagwirizira ofesiyo, a Saburo Nei, anayankha kuti kukana viza imene ofesi ina ya Japan yapereka kale n'kunyozetsa dziko pamaso pa mayiko ena, ndipo anawalola kukwera. Mfundo yawo inali yaukazembe weniweni: chidindo cha boma chikayamba kukanidwa ndi boma lomwelo, ndani adzachikhulupirirenso? Sitima yodziwika kwambiri paulendowu inali Amakusa Maru, imene inkaoloka nyanja m'masiku awiri kapena atatu, ndipo m'nyengo yachisanu mafunde ake ndi oopsa. M'sitimamo munkakhala wogwira ntchito ku Japan Tourist Bureau, a Tatsuo Osako, amene ankafananiza mayina ndi mndandanda ndi kupereka ndalama zotumizidwa kuchokera ku America, kuti aliyense akhale ndi zosonyeza kwa oona za olowa. Ngakhale zinali choncho, gulu lina linakanizidwa kutsika mu Malichi 1941 n'kubwezedwa ku Vladivostok, mpaka Ayuda a ku Kobe atalonjeza kuwasamalira.

Lachiwiri, Kobe

Zooneka ndi maso kuno n'zochepa, chifukwa mabomba a 1945 anatentha mbali yaikulu ya mzinda. Ofesi ya gulu la Ayuda, lotchedwa Jewcom, inali kumtunda chakufupi ndi Kitano. Vuto la kuno linali masiku khumi aja. Kupeza viza ya dziko lina ndi malo m'sitima kunkatenga miyezi. Katswiri wa Chiheberi, a Setsuzo Kotsuji, anapeza kuti mphamvu yowonjezera masiku ili m'manja mwa apolisi a m'deralo osati unduna, ndipo anawanyengerera kuti aziwonjezera pang'onopang'ono. Kazembe wa Poland ku Tokyo, a Tadeusz Romer, anathandiza ambiri kupeza mapasipoti ndi zilolezo za ku Canada, Australia, New Zealand ndi kwina. Otsala, pafupifupi 1,000, anatumizidwa ku Shanghai mu 1941 nkhondo ya ku Pacific isanayambe. Pakati pawo panali ophunzira ndi aphunzitsi a sukulu yachipembedzo ya Mir, imene inapulumuka pafupifupi yonse.

Lachitatu, Yaotsu

Tauni ya m'mapiri a Gifu imene imadzitcha kwawo kwa a Sugihara. Zolembedwa za kubadwa kwawo zimatchulanso dera la mzinda wa Mino, ndipo nkhaniyi anthu amatsutsanabe. Njanji yofika ku Yaotsu inatsekedwa mu 2001, choncho muyenera kutsika sitima m'tauni yoyandikana n'kukwera basi, ndipo mabasi ndi apatalipatali. Onani nthawi yobwerera musananyamuke. Nyumba yachikumbutso, yomangidwa ndi matabwa paphiri, inatsegulidwa mu 2000. Muli chifanizo cha ofesi ya ku Kaunas. Amene waona yeniyeni sapezamo zambiri zatsopano, kupatula za ubwana ndi maphunziro awo.

Lachinayi, Tokyo ndi Kamakura

Atangobwerera mu 1947, unduna unawapempha kutula pansi udindo. Unduna unkati unali kuchepetsa antchito, ndipo n'zoona kuti dziko logonja pankhondo linalibe maofesi kunja ndipo ambiri anachotsedwa. Banja lawo linkati anauzidwa kuti chifukwa chake ndi nkhani ya ku Lithuania. Zonse ziwiri zikhoza kukhala zoona: pofuna kuchepetsa anthu, woyamba kutuluka amakhala amene sanadzere m'mayeso a akazembe akuluakulu komanso ali ndi mbiri yosamvera. Anagwira maganyu osiyanasiyana, kenako Chirasha chija chinawapezera ntchito m'kampani ya zamalonda ku Moscow kuyambira 1960 mpaka pakati pa zaka za m'ma 1970, banja lili ku Japan.

Opulumuka ankawafunafuna osawapeza, mwa zina chifukwa ankawadziwa ndi dzina la Sempo. Mu 1968 a Yehoshua Nishri, mmodzi wa olandira viza amene anadzagwira ntchito ku ofesi ya kazembe wa Israel ku Tokyo, anawapeza. Chaka chotsatira anapita ku Israel. Bungwe la ku Israel la Yad Vashem, lokumbukira Ayuda amene anaphedwa ndi a Nazi a ku Germany, linawapatsa ulemu wa Righteous Among the Nations, woperekedwa kwa anthu osakhala Ayuda amene anapulumutsa Ayuda, ndipo mwambo wake unachitika mu Januwale 1985 ali odwala. Anamwalira pa 31 Julayi 1986 ku Kamakura, kumene kuli manda awo, m'manda aakulu a paphiri kunja kwa tauni. A Zwartendijk anamwalira mu 1976 asanalemekezedwe, ulemu womwewo unadza mu 1997.

Ku Tokyo, malo ofunika ndi nyumba yosungira zikalata za unduna wa zakunja ku Azabudai. Mu Okutobala 2000 nduna ya zakunja, a Yohei Kono, anavundukula chikwangwani chowalemekeza n'kupepesa kwa banja. Kumeneko n'kumene kumasungidwa matelegalamu aja ndi mndandanda umene a Sugihara anatumiza ali ku Prague mu Febuluwale 1941. Uli ndi manambala 2,139, ndipo mzere uliwonse uli ndi dziko la munthu, dzina, mtundu wa viza, tsiku ndi malipiro.

Zikwangwani zambiri zimene taona paulendowu zimati anapulumutsa anthu 6,000. Chiwerengerochi chimabwera pochulukitsa maviza ndi anthu a m'banja. Ofufuza amene anawerenga zolembedwa za kudoko ndi za mabungwe othandiza amapeza kuti ochokera ku Lithuania amene anafikadi ku Japan anali pang'ono kuposa 2,000. Manambala awiriwa, 2,139 ndi wa ofikawo, amafanana mwangozi chabe. Pa mndandanda pali mayina a anthu amene sanatuluke n'komwe, ndipo pakati pa ofika panali ana olembedwa m'mapasipoti a makolo, ena amene analandira maviza ku maofesi a Japan a m'mizinda ina, ndi ena onyamula maviza achinyengo amene anadindidwa ku Vilnius ofesi ya ku Kaunas itatsekedwa kale.